Kuwerengera plazima ya m'injini ya ayoni pa laputopu yanu

Chikwerereni kumwamba ZimSat-1, setilaiti yoyamba ya Zimbabwe, mu November 2022, achinyamata athu ophunzira za uinjiniya kuno ku Harare, a ku Mount Pleasant ndi a ku Belvedere omwe, akhala akufunsa kuti nkhani za mumlengalengazi munthu angaziyambire pati. Kasetilaiti kaja kanali kabokosi ka masentimita 10 mbali iliyonse, kopanda injini, ndiye funso lina limadzibweretsa lokha: nanga chombo chikafuna kusintha njira chimakankhidwa ndi chiyani? Amene afika pa injini ya ayoni, yokankha chombo poponya ma atomu okhala ndi chaji, ambiri amathamangira pulogalamu yaikulu ija amati PIC, yotsata kamodzikamodzi tinthu ta m'plazima, mpweya umene ma atomu ake ena athotholedwa ma elekitironi. Laputopu imatentha usiku wonse, magetsi n'kuzima ntchito ili pakati, m'mawa kulibe chimene chadziwika.

Musayambire kumeneko, abale anga. Yambani ndi modelo ya 0-D, imene imatenga chipinda chonse cha plazima ngati chofanana paliponse. Imakwana pa spreadsheet imodzi, imatha m'kamphindi pa batire ya laputopu, ndipo tsiku limene mudzafike pa pulogalamu yaikuluyo, ndi iyoyi imene idzakuuzeni ngati ikunama. John Brophy ndi Paul Wilbur anaikhazikitsa ku Colorado State University cha m'ma 1984, koma yawoyo inkafuna kuti manambala ena uyambe wawayeza pa injini yeniyeni. Dan Goebel ndi anzake a ku JPL, labotale ya NASA ku America, anadzaiwonjezera kuti kutentha kwa ma elekitironi ndi zina zizituluka m'samu momwemo. Njira imene ndikulongosola pano ikutsata maganizo amenewo.

Muyambe mwachiona chipindacho m'maganizo

Injini ya mtunduwu anayamba kuipanga ndi Harold Kaufman ku NASA Lewis mu 1959. Inkayendera mercury, ndipo inayesedwa mumlengalenga pa chombo cha SERT-1 mu July 1964, n'kuyaka mphindi 31. Masiku ano zambiri zimayendera mpweya wa xenon, koma mkati simunasinthe kwenikweni.

Pali chipinda chozungulira chachitsulo. Kumbuyo kwake kuli hollow cathode, kachubu kotentha kolavula ma elekitironi. Makoma ndiwo anode, ali pa mavoti pafupifupi 25 pamwamba pa cathode. Xenon imalowa pang'onopang'ono. Ma elekitironi ochokera ku cathode, amene timawatcha ma primary, amagunda ma atomu n'kuwathothola elekitironi imodzi, atomu n'kusanduka ayoni. Kutsogolo kuli ma grid awiri a molybdenum okhala ndi timabowo masauzande, screen grid mkati, accel grid kunja. Pakati pawo pali mavoti opitirira 1,000, ndipo ayoni yofika pabowo imaponyedwa kunja pa liwiro la makilomita pafupifupi 40 pa sekondi. Kuzungulira makoma kuli mphete za maginito a samarium-cobalt, ina yoyang'anitsa kumpoto mkati, yotsatira kummwera, kuti ma elekitironi asafike pakhoma msanga. Pamene mizere ya maginito imalowera m'khoma pamatchedwa cusp, ndipo ndi pokhapo pamene elekitironi imathawira mosavuta.

Mukufuna manambala awiri okha. Yoyamba ndi discharge loss, mtengo wa ayoni imodzi yotuluka: karenti ya discharge kuchulukitsa ndi voteji yake, kugawa ndi karenti ya beam (mtsinje wa ma ayoni otuluka), Id × Vd / Ib. Discharge ndi magetsi oyenda pakati pa cathode ndi anode. Imawerengedwa mu eV (mphamvu imene elekitironi imapeza podutsa voti imodzi) pa ayoni, zimene zili chimodzimodzi ndi W pa A. Yachiwiri ndi mass utilization, gawo la xenon yolowa limene latuluka lili ayoni. Kuthothola elekitironi imodzi pa xenon kumafuna 12.13 eV basi, koma injini zenizeni zambiri zimalipira pakati pa 150 ndi 250 eV. Ntchito yonse ya modelo ndi kulondola kumene zotsalazo zikupita.

Mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika akamawerengera madzulo, katundu amene anapikula m'mawa ayenera kufanana ndi amene wagulitsa, amene waola ndi amene watsala. Modelo ya 0-D ndi kaundula wotero, kungoti alipo anayi: wa ma atomu, wa ma ayoni, wa karenti ndi wa mphamvu.

Gawo loyamba: sankhani injini yodziwika kale

Musayambe ndi injini ya m'mutu mwanu, chifukwa simudzakhala ndi poyerekezera. Tengani NSTAR, imene inakankha zombo za NASA, Deep Space 1 kuyambira mu 1998 ndi Dawn kuyambira mu 2007 mpaka ku Vesta ndi ku Ceres. Imodzi anaiyatsa pansi pano ku JPL maola opitirira 30,000, kotero manambala ake alembedwa ponseponse. Ikamayaka mphamvu zonse imadya pafupifupi 2.3 kW, beam yake ndi 1.76 A pa 1,100 V, ndipo imakankha 92 mN. Mabowo a screen grid amatenga magawo 67 pa 100 a nkhope yake, a accel grid magawo 24.

Pamwamba pa spreadsheet lembani zosasintha. Atomu ya xenon imalemera 2.18 × 10⁻²⁵ kg. Flow ya 1 sccm, muyeso wa mpweya wolowa, ndi ma atomu 4.48 × 10¹⁷ pa sekondi, kapena 0.072 A tikayesa kuti atomu iliyonse yasanduka ayoni. Zonse zikhale mu mamita, makilogalamu ndi masekondi, kupatula kutentha kwa ma elekitironi, Te, kumene timalemba mu eV.

Kuti tiyendere limodzi, ndiika miyeso yanga ya chipinda cha kukula ngati kwa NSTAR, koma si ya NSTAR yeniyeni: malo a grid 0.0616 m², malo a makoma a anode 0.2 m², mkati mwa chipinda 0.01 m³, mphete zonse za cusp pamodzi kutalika mamita 2, mphamvu ya maginito pa cusp 1,200 G (gauss).

Gawo lachiwiri: jambulani maginito

Apa ambiri amadumpha, n'kudzalira kutsogolo. Tsitsani FEMM, pulogalamu yaulere yopepuka, sankhani axisymmetric, jambulani theka la chipinda ndi mphete zake. Muchotsemo zinthu ziwiri. Choyamba, mphamvu ya maginito pankhope ya anode pamwamba pa cusp iliyonse. Chachiwiri, mzere wa mphamvu yofanana waukulu koposa umene ukuzungulira plazima osaduka pakati pa mphete ndi mphete. Mzere wotsekekawo ukafika cha m'ma 50 G, ma ayoni ofika pakhoma amatsika mpaka pafupifupi gawo limodzi pa 10 la amene akanafika popanda maginito. Ukachepa, ambiri amapita kukhoma kukasandukanso ma atomu, ndipo munthu umalipira kawiri pa atomu imodzi. M'chitsanzo chathu tiika gawo limodzi pa 10. V ya m'samu, kukula kwa mkati mwa chipinda, ikhale ya malo a mkati mwa mzerewo, kumene plazima ili yeniyeni, osati chipinda chonse mpaka m'makona.

Gawo lachitatu: mpweya wotsala m'chipinda

Sankhani mass utilization, tinene 0.90. Beam ya 1.76 A ndi ma ayoni 1.1 × 10¹⁹ pa sekondi. Ngati amenewa ndi magawo 90 pa 100, olowa ndi 1.22 × 10¹⁹, ndipo 1.22 × 10¹⁸ akuthawa pa mabowo asanagundidwe. Kuthithikana kwa ma atomu m'chipinda kumatuluka pamenepa:

n0 = 4 × othawa pa sekondi / (v0 × Ag × Ta × C)

v0 ndi liwiro la ma atomu, muzu wa 8kT / πM, pamene k ndi nambala ya Boltzmann, T ndi kutentha kwa mpweya, M ndi kulemera kwa atomu. Ma atomu amatenga kutentha kwa makoma, ndiye pa 500 K liwiro ndi 284 m/s. Ag ndi malo a grid, Ta ndi 0.24 ya accel grid ija, C ndi Clausing factor, yowerengera ma atomu amene amagunda m'mbali mwa bowo n'kubwerera mkati. Tiike 0.5. Yankho ndi n0 = 2.3 × 10¹⁸ pa m³.

Onani kuti mabowo a accel grid anawapanga ang'onoang'ono dala. Ma ayoni amadutsa atafinyidwa ndi magetsi kukhala kamtsinje kowonda, pamene ma atomu opanda chaji amangogunda chitsulo n'kubwerera.

Gawo lachinayi: plazima ndi kutentha kwake

Ma ayoni amafika m'mphepete mwa plazima pa liwiro la Bohm, vB, muzu wa eTe / M. Pa 4 eV ndi 1,714 m/s. Karenti ya beam ndi

Ib = 0.5 × ne × e × vB × Ag × Ts

ne ndi kuthithikana kwa ma elekitironi, e ndi chaji ya elekitironi. Ena amaika 0.6 m'malo mwa 0.5. Sankhani imodzi, muigwiritse paliponse. Ts ndi gawo la ma ayoni ofika pa screen grid amene amadutsadi. Limaposa 0.67 ya mabowo chifukwa m'mphepete mwa plazima mumapindikira m'bowo n'kukokera ma ayoni amene akanagunda chitsulo. Tiike 0.8. Pa 4 eV, ne imatuluka 2.6 × 10¹⁷ pa m³, pafupifupi gawo limodzi pa 10 la ma atomu.

Tsopano werengani ma ayoni onse otayika. Beam imatenga 1.76 A, screen grid imameza 0.44 A, makoma 0.71 A. Pamodzi ndi 2.9 A, ndipo onsewa ayenera kupangidwa.

Apa ndi pokoma. Ma ayoni opangidwa pa sekondi ndi n0 × ne × K × V, pamene K ndi rate coefficient ya ionization (kuthothola kuja), imene imadalira Te yokha. Otayika ndi 0.5 × ne × vB × A, pamene A ndi malo a grid kuphatikiza gawo limodzi pa 10 la makoma, 0.0816 m². Mbali zonse ziwiri zili ndi ne, ndiye imafafanizika. Tanthauzo lake ndi lalikulu: kutentha kwa ma elekitironi sikudalira mphamvu imene mwathira, kumadalira mpweya umene ulimo ndi maonekedwe a chipinda. Mukawonjezera karenti mumachulukitsa plazima, simuitenthetsa, pokhapokha kuchulukako kutadya mpweya.

K mumaipeza pophatikiza cross section, σ, kukula kumene atomu imaoneka nako kwa elekitironi yoigunda, ndi kagawidwe ka Maxwell ka liwiro la ma elekitironi. Miyeso ya ionization ya Rapp ndi Englander-Golden ya 1965 ikugwirabe ntchito, ndipo ma tebulo a xenon, a excitation omwe (kugunda kongodzutsa atomu osaithothola), ali pa webusayiti ya LXCat kwaulere. Mukawerengera bwino mupeza K pafupifupi 1.1 × 10⁻¹⁵ m³/s pa 3 eV, 2.3 × 10⁻¹⁵ pa 3.5 eV, 3.8 × 10⁻¹⁵ pa 4 eV ndi 8 × 10⁻¹⁵ pa 5 eV. Yesani ndi dzanja kaye. Pa 3.5 eV mbali yopanga, n0 × K × V, ikupereka 53, yotaya ikupereka 65. Sizikukwana. Pa 4 eV yopanga ndi 88, yotaya 70. Zapitirira. Zimakumana cha pa 3.7 eV. Pa LibreOffice Calc, Goal Seek ichita zimenezi, pa Python gwiritsani brentq ya mu SciPy, koma ulendo woyamba chitani ndi pensulo kuti muone mmene mbali yopanga imathamangira pamene yotaya ikungokwawa.

Mphwanga wina wa ku Mufakose anabwera nayo laputopu Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, nkhope ili gwa. Akuti, "Amalume, Te yanga ikukana kuima, Goal Seek ikungothawira kumwamba." Ndinamuuza kuti andiwerengere mokweza nambala iliyonse ndi muyeso wake, kuyambira pamwamba. Atafika pa malo a grid anati 616, n'kukhala chete yekha. Anali atalemba masikweya sentimita pa mzere wa n0, mpweya n'kuchepa ka 10,000, ndipo palibe kutentha kumene kukanakwanitsa kupanga ma ayoni amenewo. Pambali pa nambala iliyonse muzikhala kolamu ya muyeso, ndipo mukapeza n0 kutali ndi 10¹⁸ kapena 10¹⁹, kapena Te kunja kwa 2 mpaka 8 eV, muziyamba mwakayikira zimene mwalemba musanakayikire sayansi.

Gawo lachisanu: ma primary

3.7 eV ija ndi malire a pamwamba, chifukwa sitinawerengere ma primary. Ndi ochepa, kawirikawiri saposa gawo limodzi pa 10 la ma elekitironi onse, koma aliyense ali ndi mphamvu yokwanira kuthothola, ndiye amagwira gawo lalikulu la ntchito.

Mphamvu yawo si Vd yonse. Mavoti ena amathera mkati mwa cathode momwemo, Vc, ndipo plazima imakhala pamwamba pa anode ndi mavoti ochepa, φ. Primary imalowa ndi Vd − Vc + φ. Tiike 20 eV, liwiro 2.65 × 10⁶ m/s.

Primary ili ndi mathero atatu. Ikhoza kugunda atomu, kuithothola kapena kungoidzutsa. Ikhoza kugawana mphamvu ndi ma elekitironi a m'plazima pang'onopang'ono mpaka kufanana nawo, zimene zimawerengedwa ndi nthawi ya Spitzer. Kapena ikhoza kulowa pa cusp n'kufika pa anode ndi mphamvu zake zonse, osagwira ntchito iliyonse. Mathero achitatuwa ndiwo amawawa. Khomo lake ndi Ap = 2 × rp × L, pamene L ndi kutalika kwa mphete zonse za cusp ndipo rp ndi Larmor radius ya primary pa cusp, kukula kwa kabwalo kamene imazungulira m'maginito. Pa 20 eV ndi 1,200 G, rp ndi 0.126 mm, ndiye pa mamita 2 a mphete khomo lonse ndi 5 cm² basi. Mtunda umene primary imayenda isanalipeze ndi V / Ap, mamita 20, m'chipinda chimene mukhoza kuchinyamula m'manja.

Mwayi woti igunde atomu isanatayike ndi 1 − exp(−n0 × σ × mtunda). Mukaika σ ya ionization ndi excitation pamodzi 4 × 10⁻²⁰ m², yankho ndi 0.84. Nambala yeniyeni ya σ muitenge pa tebulo molingana ndi mphamvu imene mwapeza, chifukwa pakati pa 15 ndi 25 eV imasintha msanga.

Kuthithikana kwa ma primary ndi np = Ie × τ / (e × V), pamene Ie ndi karenti yotuluka m'cathode ndipo 1/τ ndi kuphatikiza 1/nthawi ya mathero atatu aja. Onjezani n0 × np × σ × v × V, σ ili ya ionization yokha ndipo v ndi liwiro la primary, ku mbali yopanga ya gawo lachinayi, pezaninso Te. Itsika.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: karenti, φ ndi mphamvu

Ma elekitironi wamba a m'plazima nawonso amatulukira pa cusp, koma khomo lawo ndi lalikulupo chifukwa ma ayoni amawakoka. Limawerengedwa ndi Aa = 4 × muzu wa (re × ri) × L, Larmor radius ya elekitironi ndi ya ayoni pamodzi. Karenti imene ingathe kufika pamenepo popanda chotchinga ndi ¼ × ne × e × ve × Aa, ve ndi liwiro la ma elekitironiwo, ndipo imene imafikadi ndi imeneyo kuchulukitsa ndi exp(−φ / Te). Popeza mukudziwa karenti imene anode iyenera kulandira, φ imatuluka.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ngakhale akuluakulu. Ayoni iliyonse yopita ku beam imasiya elekitironi yake m'chipinda, ndipo elekitironi imeneyo imafika pa anode. Kaya iwerengedwa pa mita ya Id kapena ayi zimatengera kumene waya wa beam supply walumikizidwa, ku anode kapena ku cathode. N'chifukwa chake malipoti ena amalemba discharge loss ngati (Id − Ib) × Vd / Ib. Kusiyana kwake ndi Vd yathunthu, pafupifupi 25 eV pa ayoni, kokwanira kukupangitsani kuganiza kuti modelo yanu yalakwa pamene ili bwino. Musanayerekeze ndi manambala a munthu wina, onani chithunzi cha mawaya ake.

Mphamvu yolowa m'plazima ndi Ie × (Vd − Vc + φ). Zotuluka zilembeni mzere uliwonse payokha. Ionization ndi ma ayoni onse kuchulukitsa ndi 12.13, kwa ife pafupifupi 35 W. Excitation ndi pafupifupi 10 eV pa kugunda kulikonse, ndipo mphamvuyo imatuluka ngati kuwala n'kukatenthetsa makoma. Te ikakhala pansi pa 4 eV, kugunda kongodzutsa kumaposa kothothola, mwina kuwirikiza kawiri. Ma ayoni ogwera pa screen grid ndi pa cathode amatenga Vd + φ aliyense, opita ku beam ndi ku makoma amatenga φ, onsewo ndi Te/2 pamwamba pake. Elekitironi wamba iliyonse yofika pa anode imachotsa 2Te + φ m'plazima. Primary yotayika imapita ndi zonse zimene inabwera nazo.

Mukatero muona kuti ionization, imene ndiyo cholinga, ili m'gulu la mizere yaing'ono. Mzere wa ma elekitironi opita ku anode ndiwo umakonda kunenepa, ndipo Vc, imene mumalipira plazima isanaone kanthu, imadya gawo lake mwakachetechete.

Zosadziwika ndi zitatu, Te, φ ndi Ie, ndipo zimadalirana. Yambani ndi zongoganizira, 4 eV, 5 V ndi 10 A. Pezani np, kenako Te, kenako φ, kenako Ie yatsopano kuchokera m'kaundula wa mphamvu, n'kubwereza mpaka zitasiya kusintha. Zikamavina osakhazikika, musatenge nambala yatsopano yonse, tengani theka la yakale ndi theka la yatsopano.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: jambulani mzere wake

Beam ikhale 1.76 A yomweyo, musinthe mass utilization yokha kuyambira 0.70 mpaka 0.95, nthawi iliyonse mulembe discharge loss. Girafu yolondola imayenda chogona kwa nthawi, kenako imapinda bondo n'kukwera chaimirire cha kupitirira 0.90.

Chifukwa chake mwachiwerengera kale ndi manja anu. Pa 0.95, n0 imatsika kufika 1.1 × 10¹⁸, kuchepera theka. Te yopanda ma primary imakwera kuchoka pa 3.7 kufika cha pa 4.7 eV, ndiye elekitironi iliyonse yopita ku anode imanyamula zambiri. Mwayi wa primary kugunda atomu umatsika kuchoka pa 0.84 kufika pa 0.59. Injini amaiyendetsa pabondo pomwepo. Kumanzere kwake mukutaya xenon, kumanja mukutaya magetsi ndi moyo wa zitsulo.

Tsopano yerekezani ndi NSTAR, imene pa mphamvu zonse imalipira pakati pa 170 ndi 200 eV pa ayoni. Ndi miyeso yangayi mupeza nambala yotsika kuposa pamenepo, ndipo musathamangire kukonza cross section. Bwererani ku gawo lachiwiri. Mzere wotsekeka wa maginito a NSTAR sufika 50 G, kotero ma ayoni opita kukhoma ndi ambiri kuposa gawo limodzi pa 10 limene tinaika. Kwezani nambala imeneyo muone girafu yonse ikunyamuka. Zosintha zenizeni m'modeloyi ndi zinayi, gawo la ma ayoni opita kukhoma, Vc, kutentha kwa mpweya ndi Ts. Sinthani imodzi pa nthawi, mulembe zimene yachita. Kusintha zonse pamodzi mpaka mzere utagwirizana n'kosavuta, koma modelo yotero siidzalosera injini ina iliyonse.

Manambala oyezedwa pansi pano ali ndi vuto linanso. M'thanki yoyeseramo mumatsala xenon, ndipo ina imalowanso m'injini kudzera m'mabowo a grid. Injini imaoneka yosamala mpweya kuposa mmene ilili. Onani ngati olemba anachotsera mpweya wobwererawu, ngati sanatero muuwonjezere pa flow yolowa.

Yesaninso kuwonjezera mphamvu ya maginito pa cusp. Poyamba discharge loss itsika, chifukwa khomo la ma primary likuchepa. Koma khomo la ma elekitironi wamba likuchepanso, φ ikutsika, ndipo pena pake ifika pa ziro n'kupitirira pansi. Pamenepo anode siingathenso kulandira karenti yofunika, ma primary amalowa ndi mphamvu yochepa, discharge imayamba kugwedezeka kapena kuzima. Injini yeniyeni imavutika kwambiri poyatsa, mpweya uli wambiri ndi wozizira, Te ili pansi. Ikani chenjezo pa spreadsheet loti φ ikatsika pansi pa ziro bokosi lifiire. Pulani yooneka yosamala magetsi papepala imene singayake ilibe ntchito.

Gawo lomaliza: ma ayoni a chaji ziwiri ndi mphamvu yokankha

Ayoni ya xenon ikagundidwanso ndi elekitironi ya mphamvu yopitirira 21 eV imataya elekitironi yachiwiri. Kuchuluka kwa otere kumakwera mpweya ukamachepa ndi Vd ikamakwera. Mumawawerengera ndi kaundula wofanana ndi wa gawo lachinayi, m'malo mwa n0 muike kuthithikana kwa ma ayoni. Ndi oopsa chifukwa amagwera pa screen grid ndi mphamvu yowirikiza kawiri n'kumakokolola molybdenum, n'chifukwa chake injini zofunika kukhala zaka amazisunga pa Vd ya m'ma 25.

Amanamizanso mita. Ngati r ndi karenti ya a chaji ziwiri kugawa ndi ya a chaji imodzi, mass utilization yeniyeni ndi yoyezedwa kuchulukitsa ndi (1 + r/2) / (1 + r), ndipo mphamvu yokankha imachulukitsidwa ndi (1 + 0.707r) / (1 + r). Pa r = 0.1 zimenezi ndi 0.955 ndi 0.973. Kwa xenon, mphamvu yokankha mu mN ndi 1.65 × Ib × muzu wa Vb, voteji ya beam. Pa 1.76 A ndi 1,100 V ndi 96 mN. Chulukitsani ndi 0.973, ndiponso ndi 0.985 ya beam yotambasuka madigiri 10, mufika pa 92 mN, nambala ya NSTAR ija. Mukaipeza, dziwani kuti mbali imeneyi ya spreadsheet yanu ili bwino.

Kuyesa mpweya wina n'kosavuta tsopano. Sinthani kulemera kwa atomu, ma cross section ndi mphamvu ya ionization, 14.0 eV kwa krypton, 15.76 eV kwa argon. Ma atomu opepuka amathawa msanga pa mabowo, ndiye bondo limabwera msanga. Wina adzafunsa za ma setilaiti a Starlink, poti timbale take tayamba kuoneka pamadenga kuno kuyambira 2024. Amenewo amayendera krypton ndi argon, koma injini zawo ndi za Hall, zopanda ma grid, ndipo modelo iyi siigwira kumeneko osaikonzanso. Injini za microwave ngati za Hayabusa ya Japan zilibe cathode m'chipinda, kotero gawo lachisanu limachoka ndipo mphamvu imalowa njira ina, koma makaundula a mpweya ndi a ma ayoni amakhala omwewo.

Pamene 0-D imalekezera ndi pa funso lililonse lokhala ndi mawu oti "pati". Plazima ya NSTAR ndi yothithikana pakati kuposa m'mbali, moti karenti ya beam pa avareji ndi pafupifupi theka la ya pakatikati, ndipo ma ayoni a chaji ziwiri amaunjikana pomwepo. Richard Wirz anaonetsa ndi modelo ya 2-D ku Caltech kuti mizere ya maginito ya injiniyo imatsekera ma primary pakati, n'kudya mpweya wa pamenepo. NEXT, injini ya 6.9 kW imene inakwera pa chombo cha DART mu 2021, ili ndi beam yosalala kuposa pamenepo. Zimenezi spreadsheet siingazione. Mukafika pofuna kudziwa bowo limene liyambe kutha, tengani mapu a FEMM aja, muyambe ndi kutsata ma primary okha m'maginitowo ndi njira ya Boris, masauzande ochepa, mpweya ndi plazima mutaziika pa manambala a 0-D. Mtunda wa avareji umene akuyenda asanafike pa anode muuyerekeze ndi mamita 20 a V / Ap, ndipo pokhapokha ziwirizi zikayandikana m'pamene muwonjezere kugundana.